Monarch Airlines: ndege zahayala zimene zinataya njira yake

Lolemba pa 2 Okutobala 2017, nthawi itangopitirira pang'ono 3 koloko m'bandakucha, ndege yochokera ku Tel Aviv inatera pabwalo la ndege la Manchester ku Britain. Anthu anatsika ali ndi tulo m'maso, n'kutenga zikwama zawo. Ndege imeneyo ndi imene inatseka ntchito ya kampani ya Monarch Airlines. Pofika 4 koloko kunalengezedwa kuti kampaniyo yagwa, ndipo chuma chake chaperekedwa m'manja mwa akatswiri owerengera ndalama a KPMG. Ku mabwalo a ndege a Gatwick, Luton, Birmingham ndi Leeds Bradford kunali mabanja amene anali atafika kale, ana ali m'manja, zipewa zadzuwa zili m'zikwama. Anapeza malo olembetsera katundu opanda munthu. Ena uthenga unawapeza pafoni ali m'takisi: musapite kubwalo la ndege, ulendo kulibe.

Nthawi imeneyo sinangochitika mwangozi. Anadikira dala kuti ndege zikhale zitabwerera kwawo ndipo zili pansi, chifukwa ndege ya kampani yangongole ikapezeka kunja, eni bwalo kapena ogulitsa mafuta amatha kuigwira ngati chikole. M'mawa umenewo anthu pafupifupi 110,000 anali kunja kwa dziko, ambiri ku Spain ndi ku Portugal, atanyamula matikiti obwerera amene tsopano anali mapepala wamba. Ena pafupifupi 750,000 anali atalipira maulendo am'tsogolo. Mwa antchito pafupifupi 2,100, anthu 1,858 anachotsedwa ntchito tsiku lomwelo.

Anthu ambiri akamakamba nkhaniyi amati Monarch inaphedwa ndi zigawenga za ku Tunisia ndi ku Egypt, kuphatikiza kugwa mphamvu kwa paundi. Zimenezo n'zoona, koma ndikuona kuti ndi theka chabe. Matenda a kampaniyi anayamba kale kwambiri, pamene malonda amene inabadwira anayamba kutha iyo ikadali moyo. Kuti izi zimveke, tiyambe ndi mtundu wa ndege zimenezi.

Basi yahayala ya mumlengalenga

Kwathu timadziwa kusiyana kwa basi ya pa depoti ndi basi yahayala. Ya pa depoti imadalira aliyense wobwera. Lero idzadza, mawa inyamuka mipando ina ili yopanda anthu. Yahayala, monga yonyamula kwaya kapena anthu a ku ukwati, mwini wake amalandira ndalama ya basi yonse isanalize n'komwe injini. Kaya ena agona mochedwa osabwera, limenelo ndi vuto la amene anachita hayala. Monarch kwa zaka zambiri inali basi yahayala ya mumlengalenga.

Malonda amenewa anakula ku Britain nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Mu 1950 Vladimir Raitz, kudzera mu kampani yake ya Horizon Holidays, anatenga gulu la anthu pandege kupita nawo pachilumba cha Corsica pa mtengo umodzi wophatikiza ndege, pogona ndi chakudya. Nzeru yake inali yapafupi koma yamphamvu. Kampani yokonza maulendo imagula mipando yonse ya m'ndege nyengo yonse yotentha, imagulanso zipinda zambiri m'mahotela nthawi imodzi, ndiye mtengo wa munthu mmodzi umatsika kwambiri. Wogwira ntchito m'fakitale ku Birmingham, amene makolo ake tchuthi chawo chinali kukakhala m'mphepete mwa nyanja yozizira ya kwawo komweko, anayamba kutha kukaotha dzuwa milungu iwiri ku Majorca kapena ku Benidorm m'dziko la Spain. Kuyambira 1966 mpaka 1970 boma la Britain linkaloleza munthu kutuluka ndi ndalama zakunja zosapitirira £50 pachaka popita kokacheza, choncho ulendo umene mbali yake yaikulu unailipira kale kwanu m'mapaundi unali wothandiza zedi.

Kampani ina yokonza maulendo otere inali Cosmos, ya banja la Mantegazza la ku Lugano m'dziko la Switzerland. Banjali linayamba bizinesi yake mu 1928 ndi bwato limodzi lopalasa lonyamula alendo panyanja ya Lugano, kenako linakula ndi mabasi. Litafuna ndege zakezake, linagwirizana ndi amuna awiri amene anali akuluakulu ku kampani ya British Eagle, Bill Hodgson ndi Don Peacock. Monarch inakhazikitsidwa mu Juni 1967, likulu lake ku Luton, kumpoto kwa London. Ulendo woyamba wonyamula anthu unali pa 5 Epulo 1968, kuchoka ku Luton kupita ku Madrid, pa ndege yamapiko opalasa mphepo ya mtundu wa Bristol Britannia imene inagulidwa itagwira kale ntchito kwina. Anayamba ndi ndege ziwiri zokha.

Apa pali chinthu chimene ndikufuna chigwiridwe bwino, chifukwa nkhani yonse yatsamira pomwepa. Monarch sinkavutika kusaka makasitomala. Mlongo wake Cosmos ndiye ankadzaza mipando, ndipo yotsala inkagulitsidwa kwa makampani ena okonza maulendo. Ntchito ya Monarch inali imodzi: ndege iuluke maola ambiri, ikonzedwe bwino, inyamule anthu ochuluka momwe ingathere. Nyengo yotentha ndege imodzi inkatha kupita ndi kubwera kangapo patsiku, usiku womwe. Anthu amene yawatsitsa ku Alicante Loweruka lino ndi omwe idzawatenge Loweruka la milungu iwiri ikubwerayi, ndipo pobwerera lero inyamula amene inawasiya kale. Mipando inali yothinana, maondo kugunda mpando wakutsogolo, nthawi yonyamuka mwina 2 koloko usiku. Anthu sankadandaula kwambiri chifukwa ankadziwa mtengo umene alipira.

Kupulumuka pamene anzake ankagwa

Kumapeto kwa 1971 Monarch inalandira ndege zake zoyamba za jeti, Boeing 720B, ndipo mu 1972 inanyamula anthu theka la miliyoni. Kenako kunabwera mavuto a mafuta a 1973. Mtengo wa mafuta unakwera kowopsa, chuma cha Britain chinagwedezeka, anthu anachepetsa maulendo. Mu Ogasiti 1974, pakati penipeni pa nyengo ya tchuthi, kampani yoyandikana nayo pa Luton pomwepo, Court Line, inagwa pamodzi ndi kampani yake ya maulendo ya Clarksons, ndipo anthu oposa 40,000 anatsala kunja. Court Line inali itakula mothamanga, itatenga ndege zikuluzikulu za TriStar, ikugulitsa maulendo pa mtengo wosatsalira phindu. Monarch inatolako ndege zina za BAC One-Eleven ndi antchito ena a kampani yakugwayo. Achikulire amene ankakwera Air Malawi pa Chileka m'zaka za m'ma 1970 akuidziwa ndege ya mtundu umenewu, ya mainjini awiri kumchira.

Mndandanda wa anzake amene anagwa pambuyo pake ndi wautali. Laker Airways inatha mu 1982, Air Europe mu 1991, Dan-Air inagulitsidwa kwa British Airways pa paundi imodzi mu 1992, XL Airways inagwa mu 2008. Monarch inkadutsa monsemo. Chifukwa china chinali chakuti eni ake anali banja lolemera losafuna phokoso, lopanda anthu a masheya owakakamiza kuonetsa phindu miyezi itatu iliyonse. China chinali gulu lake la amakaniko, Monarch Aircraft Engineering, limene linkakonzanso ndege za makampani ena ndipo linali ndi mbiri yabwino. Pa zaka 49 zonse zimene inauluka, Monarch sinachitepo ngozi ya ndege yopha anthu. Kwa ine chimenechi ndi chinthu chachikulu kuposa china chilichonse m'mbiri yake, ndipo ulemu wake upite kwa anthu a maovololo amene ankagwira ntchito usiku m'mashedi a ku Luton.

Zaka za m'ma 1980 ndi zimene kampaniyi inawala. Mu 1981 inaitanitsa Boeing 757, kukhala kampani yoyamba ya ndege zahayala kuchita zimenezo, ndipo ndegezo zinayamba ntchito mu 1983. Inali ndege yoyenera malonda awo: inkanyamula anthu oposa 200, mafuta inkamwa pang'ono poyerekeza ndi zakale, inkatha kunyamuka pa mabwalo aafupi a kuzilumba za Greece. Pa 1 Meyi 1988 ndege ya Monarch ya mtundu umenewu inanyamula anthu 235 kuchoka ku Luton kupita ku Orlando m'dziko la America, n'kuima pa Gander ku Canada kuthira mafuta. Inali ndege yoyamba ya mainjini awiri ya kampani ya ku Britain kuwoloka nyanja ya Atlantic ili ndi anthu. Masiku amenewo malamulo anali atangoyamba kulola ndege za mainjini awiri kuuluka kutali ndi bwalo loti n'kuterapo mwadzidzidzi. Kenako kunabwera Airbus A300 mu 1990 ndi A330 mu 1999, zopita ku Florida, ku Caribbean, ku Goa ndi kwina.

Mu Julayi 1986 Monarch inayambanso maulendo a nthawi yokhazikika ogulitsa tikiti kwa munthu mmodzimmodzi, kuchoka ku Luton kupita ku Menorca, chilumba cha ku Spain. Panthawiyo inali kantchito kapambali, kothandiza makamaka anthu a ku Britain amene anagula nyumba ku Spain ndipo sankafuna hotela.

Mlendo wa utoto wa olenji

Mu Novembala 1995, pa bwalo lomwelo la Luton, panayamba kampani yatsopano ya easyJet, ya mitengo yotsika ndi ndege za utoto wa olenji, ndi maulendo opita ku Glasgow ndi ku Edinburgh. Ku Ireland, Ryanair inali itasintha kale n'kukhala ya mitengo yotsika. Pofika 1997 mayiko a European Union anali atamaliza kuchotsa malamulo oletsa mpikisano, kotero kampani iliyonse ya m'mayikowo inali ndi ufulu wouluka kulikonse m'chigawocho pa mtengo umene yafuna. Intaneti inafika nthawi yomweyo.

Zinthu zitatuzi zinaphwasula maziko a ndege zahayala pang'onopang'ono. Kale, njira yokhayo yotchipa yofikira kudzuwa inali kugula phukusi lonse kwa wokonza maulendo. Tsopano munthu ankatha kukhala pakompyuta kunyumba, kugula tikiti yotchipa payekha, kusankha hotela payekha, kupita masiku anayi m'malo mwa milungu iwiri, kunyamuka Lachiwiri m'malo mwa Loweruka. Amkhalapakati anayamba kusowa ntchito. Makampani akuluakulu okonza maulendo anaphatikizana mu 2007 n'kutsala awiri amphamvu, TUI ndi Thomas Cook, aliyense ali ndi ndege zakezake zochuluka, ndipo mipando ya Monarch sankaifunanso ngati kale. Cosmos payokha inali yaing'ono moti sikanatha kudzaza ndege zonse.

Monarch inayankha mwa kusintha. Mu 2004 maulendo ake okhazikika anayamba kuyendetsedwa ngati a makampani otchipa aja: chakudya ugule wekha, mpando wabwino ulipire padera. Chaka ndi chaka gawo la hayala linkachepa, logulitsa matikiti mwachindunji linkakula. Kunena zoona, akuluakulu a kampaniyi anawerenga bwino kumene mphepo inkalowera. Vuto linali lakuti analowa m'bwalo la eni ake ali ndi katundu wolemera pamutu.

Kampani yotchipa yeniyeni imakhala ndi mtundu umodzi wa ndege, kuti oyendetsa, amakaniko ndi zipangizo zikhale zofanana. Monarch inali ndi mitundu ingapo, yaing'ono ndi yaikulu, ina yokalamba. Kampani yotchipa imagula ndege zambirimbiri nthawi imodzi n'kuchotseredwa mtengo. Ryanair ndi easyJet zinali ndi ndege mazanamazana pamene Monarch inali ndi pafupifupi 40. Monarch inalinso ndi malipiro ndi thumba la penshoni za kampani ya zaka makumi anayi. Chinanso, malo amene inkapita anali a nyengo: m'miyezi yotentha ndalama zinkalowa, m'miyezi yozizira ndege zinkangodya lendi. EasyJet nyengo yozizira inkanyamula anthu a bizinesi pakati pa mizinda ikuluikulu ya ku Ulaya. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Monarch inali itatuluka m'phanga la hayala, koma m'phanga la makampani otchipa inangolowetsa mutu.

Banja la Mantegazza linapitiriza kuthira ndalama: £45 miliyoni mu 2009, £75 miliyoni mu 2011. Pofika 2014 linatopa.

Eni atsopano, ndi zaka zitatu zomaliza

Mu Okutobala 2014 kampani ya Greybull Capital, imene ntchito yake ndi kugula makampani odwala, inatenga magawo 90 pa 100 aliwonse a Monarch. Magawo 10 otsalawo anapita ku Pension Protection Fund, bungwe loteteza penshoni za antchito a makampani akugwa. Panabwera ndalama zokwana £125 miliyoni, zina zochokera kwa eni akale omwewo. Mtengo wake unagwera antchito. Anthu pafupifupi 700 anachotsedwa, otsala anavomera kudulidwa malipiro, ena mpaka magawo 30 pa 100 aliwonse. Taganizani woyendetsa ndege kapena mayi wopereka chakudya m'ndege amene wagwira zaka makumi awiri, akuvota kuti malipiro ake adulidwe pofuna kuti kampani ikhale ndi moyo. Anavota choncho ndi mtima wonse, ndipo n'chifukwa chake mapeto a nkhaniyi amandipweteka.

Ndege zinachepetsedwa kuchoka pa 42 kufika pa 34. Maulendo akutali anatha. Pofika Epulo 2015 maulendo ahayala nawonso anatha, ntchito imene kampaniyi inabadwira. Anaitanitsa ndege zatsopano 30 za Boeing 737 MAX 8 zoti zidzachepetse ndalama za mafuta. Mu 2015 Monarch inapezadi phindu, mothandizidwa ndi kutsika kwa mtengo wa mafuta, ndipo anthu anaganiza kuti wodwala wachira.

Koma m'chaka chomwecho, mu Juni, chigawenga chinapha anthu 38 pagombe la Sousse ku Tunisia, 30 mwa iwo a ku Britain. Pa 31 Okutobala ndege ya kampani ya ku Russia yochoka ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt inaphulika ndi bomba m'chipululu cha Sinai, anthu 224 n'kufa, ndipo boma la Britain linaletsa ndege kupita kumeneko. Chiletso chimenecho chinakhala mpaka 2019. Ku Turkey kunachitika ziwembu zingapo, kenako asilikali ena anayesa kulanda boma mu Julayi 2016.

Mmene izi zinapwetekera Monarch si mmene munthu angaganizire poyamba. Kutaya Sharm el-Sheikh kunali koopsa kale chifukwa ndi amodzi mwa malo ochepa amene ankabweretsa ndalama nyengo yozizira. Koma choopsa kwambiri chinali chakuti makampani onse amene ankapita ku Tunisia, ku Egypt ndi ku Turkey anatembenuza ndege zawo n'kuzilozetsa ku Spain ndi ku Portugal, kumene kunali munda weniweni wa Monarch. Zili ngati ogulitsa tomato a misika itatu asamukira pa msika umodzi tsiku limodzi. Tomato amagulidwa ndithu, koma pa mtengo wongotaya. Mkulu wa kampaniyo, Andrew Swaffield, anafotokozera antchito pa tsiku lomaliza kuti chaka chimenecho ananyamula anthu ochuluka ndi magawo 14 pa 100 aliwonse kuposa chaka chapitacho, koma ndalama zolowa zinachepa ndi £100 miliyoni. Ndege zinkadzaza, kampani ikuluza.

Pamwamba pa zimenezo panabwera voti ya Juni 2016 yotulutsa Britain mu European Union, ndipo paundi inagwa mphamvu kwambiri poyerekeza ndi dola. Aliyense amene anaonapo kwacha ikugwa akudziwa mmene izi zimalumira. Kampani ya ndege imalipira mafuta, lendi ya ndege ndi zipangizo m'madola, ya pabwalo ku Spain m'mayuro, pamene makasitomala ake amalipira m'mapaundi. Kukweza mtengo wa tikiti sikunali kotheka pa msika wodzaza uja. M'chaka chothera mu Okutobala 2016 gulu la Monarch linalemba kuluza kwa £291 miliyoni.

Chiphaso chimene chinatseka chitseko

Ku Britain aliyense wogulitsa maulendo ophatikiza ndege ndi hotela amayenera kukhala ndi chiphaso chotchedwa ATOL, choperekedwa ndi bungwe loyang'anira za ndege la Civil Aviation Authority. Dongosololi linayamba mu 1973. Pa munthu aliyense wogula ulendo wotere pamadulidwa £2.50 kupita m'thumba limene limabweza ndalama kapena kubweretsa anthu kwawo kampani ikagwa. Kuti chiphaso chikonzedwenso chaka chilichonse, kampani imaonetsa kuti ili ndi ndalama zokwanira. Cha Monarch chinkatha kumapeto kwa Seputembala.

Mu 2016 inapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Inapatsidwa masiku 12 owonjezera, ndipo mu Okutobala panapezeka ndalama zina zokwana £165 miliyoni. Mu 2017 inapatsidwa tsiku limodzi lokha. Wogula kampani sanapezeke, eni ake sanathirenso ndalama. Popanda chiphaso sikanatha kugulitsa maulendo ophatikiza, ndipo mbiri yoti chiphaso chakanizidwa ikanathawitsa makasitomala onse pa tsiku limodzi.

Panali vuto lina limene anthu ambiri sankalidziwa. Popeza Monarch inali itasanduka yogulitsa makamaka matikiti a ndege opanda hotela, ambiri mwa anthu 110,000 aja analibe chitetezo cha ATOL. Matikiti a ndege okha ogulidwa kuyambira pa 15 Disembala 2016 sanali m'dongosololi. Mwalamulo akanayenera kudzionera okha njira. Boma linaona kuti mipando ya makampani ena siingakwane, ndiye linalamula kuti aliyense woyenera kubwera m'milungu iwiri yoyamba abweretsedwe ulele. Civil Aviation Authority inachita hayala ndege zoposa 30, zina za Qatar Airways, n'kupanga ngati kampani ya ndege ya milungu iwiri. Nduna ya zamtengatenga panthawiyo, Chris Grayling, inati ndi ntchito yaikulu kwambiri yobweza nzika kwawo imene dzikolo linachitapo pa nthawi ya mtendere. Inayerekezedwa kuti idya pafupifupi £60 miliyoni. Kwa abale athu okhala ku Britain, kusiyana kumeneku kukadalipo lero: tikiti ya ndege yokha ndi ulendo wokhala ndi satifiketi ya ATOL si chinthu chimodzi kampani ikagwa.

Chuma chimene chinatsala n'chodabwitsa. Ndege pafupifupi zonse zinali za lendi, eni ake anabwera kudzatenga. Boeing 737 MAX imene ankaiyembekezera sinafike ndi imodzi yomwe. Chamtengo wapatali chinali chinthu chosagwirika ndi manja: ufulu wonyamuka ndi kutera pa nthawi inayake pa mabwalo odzaza, umene amautcha ma slot. Nkhaniyi inafika kukhoti, pofunsa ngati kampani yosauluka ingakhalebe ndi ufulu wotere. Khoti lalikulu linakana, koma mu Novembala 2017 khoti la apilo linagamula mokomera a KPMG. Ma slot a ku Gatwick anagulidwa ndi IAG, eni ake a British Airways, a ku Luton anapita kwa kampani ina ya ndege ya Wizz Air, ndipo ndalamazo zinalowera kwa angongole amene anali ndi chikole, Greybull ili patsogolo. Antchito amene anadulitsa malipiro awo mu 2014 anauzidwa za kutha kwa ntchito m'mawa womwewo umene dziko lonse linamva.

Amakaniko aja anapitiriza okha kwa chaka ndi miyezi itatu, koma kasitomala wawo wamkulu anali atapita, ndipo Monarch Aircraft Engineering inagwa mu Januwale 2019. Boma linakhazikitsa kafukufuku woona choyenera kuchita kampani ya ndege ikagwa, ndipo mu Meyi 2019 lipoti lake linapempha kuti pa tikiti iliyonse pazidulidwa kandalama kosafika theka la paundi, kuti pakhale thumba lobweretsera aliyense kwawo. Pempholo lisanasanduke lamulo, pa 23 Seputembala 2019 Thomas Cook inagwa m'bandakucha, anthu a ku Britain pafupifupi 150,000 ali kunja, ndipo Civil Aviation Authority inayambanso kuimba mafoni kusaka ndege zahayala.